Mwendo Wanga wa Hatchi

Lachiwiri, 11 Juni 1957. Lirangwe.

Ndagula mwendo wa hatchi.

Ndalemba mawu amenewa, ndawayang'ana nthawi yaitali. Ine Mailosi, kalaliki wa katundu pa siteshoni ya sitima, munthu amene sanagulepo ngakhale nkhuku osafunsa mkazi wake.

Zinayamba Lachisanu. Mzungu wa esiteti ya fodya akusamukira ku Halale, anabweretsa hatchi zitatu kuti zikwere sitima. Ziwiri zinalowa m'bogi. Yachitatu, yaikazi, yofiirira, inakana. Kuikoka, kuikankha, kuiphimba kumaso ndi thumba. Ayi ndithu. Sitima n'kulira. Mzungu, nkhope psuu, anakuwa kuti amene ali ndi £48 aitenge pompo. Che Zuberi a kasitolo ka ku Chileka anali pomwepo, akudikira mitolo ya nsalu. Anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana hatchi. Hatchi inayang'ana ine.

Tagawana chonchi. Che Zuberi miyendo iwiri yakutsogolo. Willie, amene ankaisamalira kwa mzungu uja ndipo watsala wopanda ntchito, wakumbuyo kumanja. Ine wakumbuyo kumanzere. £12.

Ndalamayo ndinalibe. Matenda ndi maliro a mkazi wanga Enifa anatha zonse. Ndapinyolitsa mashini ake osokera kwa mmwenye wa pamsika. Kuwombola £14, mwezi wa Ogasiti usanathe. Ukatha, mashini ndi ake.

Mashini amenewa ndi a mwana wathu Stella. Amake ananena okha ali m'chipatala, pamaso panga. Abale a Enifa adzatsimikiza mu Sepitembala, tsiku londisudzula kuti ndibwerere kwathu.

Pomwe ndimawamanga pa kaliyala, Stella anaima pakhomo. Sanalire. Anangoti, "Ulusi wa amayi udakali pa singano, ababa." Ulusi wobiriwira. Ndinauona. Ndinapalasabe njinga.

Loweruka, 15 Juni

Ku Chileka pa njinga. Khola lili kuseri kwa sitolo ya Che Zuberi, la njerwa zosawotcha, denga la udzu. Labwino kuposa khitchini yanga.

Kutalika kwake! Ndikaima pambali, msana wake ulingana ndi chibwano changa. Khungu ngati lopaka mafuta. Miyendo yowonda ngati mabango, moti ndinachita mantha kuona wangawo. Chinthu chopyapyala chotere, £12.

Ili ndi mapepala. Amake, agogo ake, agogo a agogo ake, mpaka ku Mangalande, onse olembedwa maina. Anga agogo anachoka kwa Apwitikizi wapansi, mphasa pamutu, palibe anawalemba paliponse.

Dzina la m'mapepala ndi lachizungu, lalitali. Ana a pasitolo akuitcha Dona, poti imadya bwino, amaipesa tsitsi, ndipo ntchito sigwira. Dona basi.

Willie akuti anakwerapo hatchi pa mpikisano ku Halale, anapambana kasanu. Madzulo anati kasanu n'kawiri. Kamunthu kafupi, miyendo yamatewe, pakamwa sapuma.

Mpikisano wa kalabu ya azungu uli pa 24 Ogasiti, pa bwalo lawo kufupi ndi la ndege.

Lachinayi, 20 Juni

Alamu a Isaki, mchimwene wa Enifa, anditsekera njira pa chitsime. "Alamu, ndamva mwakwatira mwendo. Nanga ukafuna kupita ku Lunzu pomwe inzake itatu ikupita ku Mdeka, mudzatani?" Amayi onse otunga madzi, phwete.

Kenaka anatsitsa mawu. Akuti apongozi afunsa za mashini. Anawauza kuti mashiniwo abwera. "Abweredi, alamu. Mukapanda kutero, tidzakusudzulani ndi malaya okha amene mwavalawo."

Ananena akuseka. Koma ananena.

Lolemba, 24 Juni

Palibe anandiuza kuti mwendo umadya.

Gaga, chimanga choswa, mchere, nsenjere yodula m'dambo. Nsapato zachitsulo zinayi, wosula wa ku Blantyre. Imodzi mwa izo ndi yanga, ndalipira. Nsapato zanga zenizeni zili ndi chiboo, ndaikamo katoni.

Tiyi wopanda shuga kuyambira lero. Shuga wa Dona.

Willie akuti tithokoze kuti ndi nyengo yozizira. Dzinja kukabwera tizilombo touluka madzulo, hatchi imatha kudwala m'mawa, n'kufa dzuwa lisanalowe. £48 gone m'khola, miyendo m'mwamba. Wanena akusenda nzimbe, ngati akunena za mtengo wa tomato.

Komabe. Ndikupalasa pobwerera ndinadzimva ndikuimba mluzu. Ndinasiya msanga. Kansalu kakuda kadakali pa mkono.

Lamulungu, 7 Julaye

Chiperoni. Kutchalitchi anaimba nyimbo imene Enifa ankaikweza kwambiri mpaka anzake n'kumusiya yekha. Ndinatuluka isanathe. Njinga. Chileka.

Kukhola kunalibe munthu. Ndinaipatsa nzimbe. Inaika mphuno yake pa khosi langa, mpweya wotentha, fungo la gaga. Ndipo ndinayamba kulankhula.

Sindikudziwa kuti zinachokera kuti. Za chipatala. Za bulangete limene ndinaiwala kupita nalo. Za m'mene ankandinenera kuti ndimatafuna ngati ndikuwerengera. Kunyumba sindingathe. Pamudzi pa eni, mkamwini wamasiye amakhala chete, maso pansi, kudikira kuti amumasule. Stella akandiyang'ana ndi maso a amake, mawu amathawa.

Hatchi imamvetsera ndi khutu limodzi. Linalo limayang'anira nzimbe.

Lachiwiri, 16 Julaye

Mwendo watupa. Wakumbuyo kumanzere.

Wanga! Mwa miyendo inayi yonse.

Che Zuberi akuti, "A Kalaliki, yanga iwiri ili bwinobwino, taonani." Ankafuna kundiseketsa. Sindinaseke.

Dokotala wa ziweto wabwera pa galimoto. Wagwira, wapinda, waitanitsa mtengo umene sindilemba. Akuti mtsempha wakokeka pang'ono. Madzi ozizira, kupuma. Ikapanda kuchira, hatchi ya mpikisano yopunduka ilibe mtengo, ngakhale ngolo sikoka.

Pobwerera ndinadutsa pa sitolo ya mmwenye. Mashini ali pa shelefu, ophimbidwa ndi nsalu. Telala wa pakhonde pake amawasuzumira ngati munthu wosuzumira mkazi wa mnzake.

Ndachita chiyani, Enifa.

Lachisanu, 19 Julaye

Ndapempha tchuthi. Tsiku lonse ndagwada m'khola, ndowa pambali, kuthira madzi pa mwendo. Kalaliki wa Fomu 2, maondo m'ndowe.

Loweruka, 27 Julaye

Waphwa! Waphwa, waphwa.

Willie anaikwera m'mawa mu msewu wa fumbi umene ukutsata mpanda wa bwalo la ndege. Poyamba pang'onopang'ono. Ndiye ndege ya ku Halale inayamba kuthamanga kuti inyamuke, chiphokoso, ndipo Dona anaimika makutu, n'kuiyamba. Mayo ine! Sindinaonepo. Sithamanga ayi, imatambasuka. Pansi pamangomveka gu-gu-du, gu-gu-du, mpaka m'chifuwa mwanga. Fumbi lokhalokha. Willie ngati chule pa msana, akukuwa zosamveka.

Ndege inapambana, poti inabera, inauluka.

Che Zuberi chisoti chinagwa, sanachitole. Anandigwira mapewa, tinalumpha ngati ana a sukulu. Munthu wa sitolo ndi kalaliki, imvi m'mutu, kulumpha pamsewu. Amayi ena osenza nkhuni anaima, anapukusa mutu.

Ndinayang'anitsitsa mwendo wanga. Ndi umene umakankha kwambiri. Ndikunena zoona.

Kunyumba ndinadya kawiri. Stella anandiyang'ana, anawonjezera ndiwo osafunsa.

Lolemba, 5 Ogasiti

Takalembetsa kukalabu. Pa zenera lakumbuyo.

Mipikisano ilipo isanu ndi umodzi tsikulo. Ife atilola umodzi wokha, womaliza, wa hatchi zotsika. Mlembi wawo akuti chaka chatha sakanalola n'komwe, koma tsopano ndi nthawi ya Chitaganya, tonse ndife abale. Ananena kudzera pa zenera.

Malamulo ndinawerenga ndine, kuwamasulira anzanga. Woyamba £30. Wachiwiri £10. Ndiye ndime yotsatira. Hatchi yopambana pa mpikisano umenewu imagulitsidwa pomwepo pa okushoni, ngati fodya ku Limbe, thukuta lisanaume. Eni ake amalandira £50 basi. Mtengo ukakwera kuposa apo, zapamwambazo n'za kalabu. Eni ake akaifunabe, aloledwa kupikisana nawo, koma zapamwambazo alipire okha.

Ndinawerenga kawiri, mokweza. Che Zuberi ankadziwa kale. "Malonda ndi amenewo, a Kalaliki. Kugula motchipa, kugulitsa mvula isanabwere."

Ikapambana: mwendo wanga ubweretsa £20, mashini abwera kunyumba, Dona apita.
Ikakhala yachiwiri: Dona atsala, ine £2 ndi mashilingi khumi, mashini apita kwa telala.

Ndinalowa m'khola. Sindinaiuze.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Akuti wokwera hatchi ayenera kuvala malaya a mtundu wa eni ake, kuti adziwike ali patali. Che Zuberi anapereka nsalu yoyera. Stella anaiona panjinga, anafunsa, anaitenga.

Wasoka pamanja. Masiku onsewa, pakhonde, singano ndi chala. Pa chifuwa waikapo mzere wobiriwira, chidutswa chotsala pa diresi limene amake sanamalize.

Pondipatsa anati, "Pa mashini ndikanamaliza tsiku limodzi." Kenaka, "Auzeni a Willie asagwe nawo m'matope."

Msoko wowongoka ngati wa amake. Ndinatembenuza malaya kangapo kufuna polakwika. Palibe.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Mudzi wonse wadwala hatchi. Akulu ampingo andichenjeza za juga, kenaka andifunsa kuti mpikisano uyamba nthawi yanji. Che Zuberi akuti iwo sabetcha, ndalama ya juga ndi haramu, koma mphotho ndi malonda, anafunsa kale kwa Shehe. Alamu a Isaki akuti sangataye tsiku kukaonera nyama yosadyedwa.

Ndalota ndikuthamanga ndi miyendo inayi m'mbali mwa njanji, masitima akundipatsa ulemu.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Ndinapita kukhola ndi mawu okonzeka. Kuti Willie, ikakhala patsogolo, ukokeko pang'ono. Wachiwiri si manyazi. Za mashini ndidzaona, ndidzakapempha mmwenye, ndidzagulitsa njinga.

Ndinamupeza atavala malaya aja, akudziyang'ana m'ndowa ya madzi. "Bwana Kalaliki, ku Halale konse sindinavalepo zonga izi. Mwana wanu ali ndi dzanja!" Mzere wobiriwira pa chifuwa.

Ndinamuuza kuti agone msanga.

Loweruka, 24 Ogasiti

Ndilembe mwadongosolo.

Anthu! A ku Kuntaja, a ku Mdeka, a ku Madziabango, ena pa mitengo, ogulitsa nzimbe ndi mtedza. Ife kuseri kwa chingwe, padzuwa. Azungu m'chisakasa, akazi awo zipewa ngati malichero. Stella pambali panga. Kumbuyo kwathu, ndani? Alamu a Isaki, jekete la kutchalitchi. Akuti amangodutsa.

Hatchi zisanu ndi ziwiri. Mbendera inagwa. Dona anatsala! Anaima kuyang'ana chisakasa, ngati tsiku la bogi lija. Mtima unagwera m'nsapato. Ndipo pang'ono, Mulungu andikhululukire, unasangalala.

Ndiye ananyamuka.

Womaliza. Wachisanu ndi chimodzi. Pokhota kutali kuja ndinangoona kachobiriwira kakudutsa mitundu ina, umodzi umodzi, ngati singano m'nsalu. Wachitatu. Anthu a kuchingwe anayamba kubangula. Wachiwiri, kumbuyo kwa chihatchi chakuda cha mzungu wa tiyi. Apa ndi pamene ndinafuna kuti aime. Wachiwiri. Khala pomwepo.

Koma pakamwa panga sipanamve. Ndinakuwa. Ine amene sindinakwezepo mawu chiikireni maliro. Ndinakwera pa chingwe, chipewa m'manja, kukuwa mpaka kukhosi kuwawa, thamanga, thamanga mayi, thamanga!

Anapambana ndi khosi lonse.

Fumbi, nthungululu, wina wosamudziwa anandinyamula. Che Zuberi akulira, akuti Alhamdulillah, Alhamdulillah, akupsompsona Willie pa mphumi. Willie akuti kachisanu ndi chitatu. Alamu a Isaki akuvina ndi kapepala m'manja. Anabetcha mashilingi awiri mobisa, wakuba ameneyu.

Stella anandikoka mkono. Anati, "Ababa, mumaitana dzina la amayi." Sindinadziwe. A Isaki anamva nawo. Anandiyang'ana, anatsegula pakamwa, anatsekanso. Koyamba chikwatirireni mlongo wawo.

Okushoni. Anaizunguliza pa bwalo, thovu m'khosi, nthiti zikukwera ndi kutsika. £50. Mzungu wa tiyi uja, amene hatchi yake tinaipitirira, anakweza chala. Wina £55. £60. Che Zuberi, yemwe uja wa malonda ndi amenewo, anandinong'oneza. Kuti a Kalaliki, tiibweze. Mphotho yonse tiponye pa zapamwambazo. Chaka chamawa idzatipatsa kawiri. Willie anagwedeza mutu, misozi mbwe. Miyendo itatu yavomera. Watsala wakumbuyo kumanzere.

£70. Dona anatembenuza mutu, kusakasaka. Amadziwa thumba limene mumakhala nzimbe.

Stella ankapinda malaya a Willie amene anamupatsa kuti amugwirire. Kupinda bwinobwino, manja kaye, kenaka pakati, monga ankachitira amake.

Ndinati ayi.

Nyundo inagwa pa £75. Anaitenga osavula ngakhale chingwe chathu cha m'khosi. Polowa m'lole sinakane. Zimenezi zandipweteka kuposa zonse. Sinakane n'komwe.

£20 m'thumba. Chuma chimene sindinagwirepo pakamodzi. Nzimbe m'thumba linalo.

Lolemba, 26 Ogasiti

Ndawombola. Mmwenye anawerenga ndalama kawiri, telala anayang'ana kumbali.

Kunyumba ndinavundukula nsalu. Ulusi wobiriwira palibe. Pali wa khaki. Telala uja anawayesako ndithu.

Ndinakhala pansi.

Stella anasolola wa khakiwo, anautaya pa moto, anathira mafuta m'timabowo, anapukuta. Apongozi anatumiza nkhuku. A Isaki anabwera kudzaona, anagogoda mashini ngati akugula ng'ombe. "Alamu, awa ali ndi miyendo inayinso, koma musagulitseko umodzi."

Che Zuberi atumiza uthenga kuti khola asaligwetse kaye, amva za hatchi ina ku Thyolo. Ndayankha kuti ayi.

Loweruka, 31 Ogasiti

Nditaweruka ndinapeza ndili pa njinga, ndapitirira kale mlatho, ndikulowera ku Chileka. Nzimbe yodula kale m'thumba. Ndinaima pamsewu ngati chitsiru. Ndinabwerera.

Mashini akumveka kuchokera kumsewu. Phokoso lomwe lija. Ndinaima pa mtengo wa bwemba mpaka miyendo inavomera.

Stella akusoka pakhonde, diresi la amake losamaliza lija, akulichepetsa kuti limukwane. Sanadzutse mutu. Anati a Willie anamuuza kuti ndinkacheza ndi hatchi masana onse, nkhani za amayi. Ndinati Willie ndi wabodza, dziko lonse likudziwa.

Anapalasa pang'ono, analeka. "Zimene munkaiuza hatchi zija, ababa, mungandiuzeko ine. Mwezi wamawa mukupita kwanu." Kenaka anatambasula dzanja. "Nzimbeyo bweretsani. Ine sindidya yambiri ngati iyo."

Ndinakhala pa mpando. Ndinayamba ndi tsiku limene amake anandikana koyamba, pa msika wa ku Mdeka, pamene anandiuza kuti sangakwatiwe ndi munthu wopalasa njinga ngati wanyamula mazira.

Waseka mpaka waponda molakwika, singano thyo.

Singano ndi tiki, mapeni atatu. Ndilipira.